Pijo ya Munthu Wamtali

Pa siteji ya Dwangwa, bambo wina wamtali anatuluka m'galimoto yakale ya Pijo imene inali pamalonda, maso ali psuu. Mayi wina wodikira minibasi sanapirire.

"Bambo, msinkhu wonsewu mukufuna chiphapha? Zatsopano zatha?"

"Zatsopano zimandipinda, mayi. Malemu bambo anga analinso otalika chonchi. Pijo yawo anapita nayo kwa owotcherera, amene anasunthira mpando kumbuyo kuti miyendo iziwongoka."

"Ndiye inapita kuti?"

"Achibale anaitenga mtembo usanatuluke m'nyumba. Kuyambira pamenepo, Pijo iliyonse ndikaiona ndimapempha kukhalamo."

"Mungaizindikire bwanji? Penti amasintha, nambala amasinthanso."

"Miyendo sinama, mayi."

"Nanga iyi?"

Bamboyo anasisita chitseko chadzimbiricho pang'onopang'ono.

"Mawondo sanagunde, mayi. Lero sanagunde."