Matope anga, dzina lawo

Aulutsi, ndine mayi wa ku Bwanje kuno ku Ntcheu, ndipo ndikuchita digiri yachiwiri ya zaulimi. Ndalemba mtima ukuwawa.

Kafukufuku wanga ndi wa alimi a mpunga a musikimu ya ulimi wothirira. Dzuwa likuswa mtengo ndinkapalasa njinga munda ndi munda, kulowa m'matope mpaka m'mawondo, mwana nditamusiya kwa mayi anga. Aphunzitsi ondiyang'anira ku yunivesite sanabwereko ngakhale tsiku limodzi. Ndikawapatsa zomwe ndalemba amangoti, "Sizinapse izi, kalembeninso."

Sabata yatha ndinawamva pa wailesi akufotokoza zosapsa zomwezo, ati anayenda okha m'minda ya ku Bwanje. Dzina langa osalitchula n'komwe. M'mawa mwake mlimi wina amene ndinacheza naye anandiimitsa pamsewu. "Mayi, mawu athu aja munakagulitsa kwa abwana?"

Kukadandaula ndikuopa, poti digiri yanga ili m'manja mwa aphunzitsiwo. Koma bambo inu, ngati mukumvera, bwerani ku Bwanje. Muvule nsapato zanu zonyezimirazo, mutisonyeze munda umodzi wokha umene munapondamo.