Phungu Wathu a Busenti

Zaka zija za m'mbuyomu, kuno ku Thambani kusanabwere njinga zamoto zimene mukutigonthetsa nazo m'makutuzi, kudera kwathu tinasankha phungu, ndipo ndikati tinasankha ndikunena ine ndemwe Zuze, ndi chala changa chomwechi. Tsamiritsani njingazo mukhale pansi, makasitomala sabwera dzuwa lili paliwombo chonchi. Ndakumvani mukukangana, wina akuti phungu wabwino ndi amene wagulira timu yanu mpira, wina akuti ayi, wabwino ndi amene amalira kwambiri pamaliro. Ha, ana inu! Ifenso tinali akatswiri a kusankha ngati inu nomwe.

Dzina lonse la munthuyo sinditchula, ali moyo ndipo ali ndi adzukulu. Anali wamtali, wa suti yosakwinyika, Chingerezi chake chotulukira m'mphuno, ndipo akaima pamsonkhano amayi ankalulutira asanatsegule n'komwe pakamwa. Ife vuto lathu linali limodzi. Pakati pa mudzi wathu ndi msewu wobwera kuno pali mtsinje wa Nankhwazi, umene m'chilimwe ngakhale nkhuku imawoloka, koma dzinja likafika umasanduka chilombo. Manachesi athu ankavundira kutsidya, odwala ankagonera kutsidya, ana a sukulu ankaphunzirira kutsidya, kutanthauza kuti sankaphunzira. Tsono bwanayo anaima pagombe pomwepo, nsapato zake zonyezimira zili pamchenga, n'kunena kuti, "Mukangondituma ku Nyumba ya Malamulo, a Sipikala sadzaona tulo. Ndidzaimirira m'mawa, ndidzaimirira masana, mpaka mlatho uno utamangidwa."

Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Paja masiku a chipani chimodzi phungu ankangotifikira ngati chimfine, osadziwa kumene wachokera, koma uyu tinati ndi wathuwathu, tadzisankhira tokha. Chikomekome cha mkuyu, ana inu.

Masiku amenewo kunalibe mafoni anuwa oonerapo anthu akukangana ku Lilongwe. Tinali ndi wailesi, ndipo wailesi yolimba m'mudzi mwathu inali ya a Fulaye, bambo amene anagwirapo ntchito yoombola katundu pa chipata cha Mwanza, choncho Chingerezi ankachimva. Nyumba ya Malamulo ikatsegulidwa tinkasonkhana pakhonde pawo, mabatire titawaanika padzuwa kuti apeze mphamvu, iwo khutu pawailesi n'kumatimasulira. Tinamva phungu wa kumpoto akulirira chipatala, tinamva wa kuchigwa akulirira anthu ake okokoloka ndi madzi, tinamva wina akukalipa mpaka kutulutsidwa kunja. Wathu zii. Tinkatonthozana kuti munthu wanzeru sathamangira kuyankhula, akusonkhanitsa mfundo.

Ndiye pali nthawi zina pamene aphungu akalephera kumvana, mlembi amaitana dera lililonse, mwini dera n'kuyankha kuti inde kapena ayi, dziko lonse likumva. Tsiku loyamba kumva zimenezi tinatchera khutu ngati m'tchalitchi. Anaitana madera a kumpoto, anaitana a pakati, kenaka anatchula dera lathu. Kunali bata pang'ono, kenaka mawu akuti, "Abusenti."

Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Akazi anga, malemu a Nangondo, amene ankamvera uku akusenda chinangwa, anafunsa kuti, "Kodi a Fulaye, a Busenti amenewa ndi mfunda wawo wa aphungu athuwa? Ine ndimayesa ndi a Phiri."

A Fulaye anaseka mpaka kutsokomola. "Ayi mlamu, akutanthauza kuti palibe, sanabwere."

"Oo," anatero a Nangondo. "Ndiye ndi munthu wokhulupirika. Nthawi zonse yankho lake limodzi."

Kuyambira tsiku limenelo dera lonse linkawatcha a Busenti, mpaka ana obadwa pambuyo ankayesa ndi dzina la ubatizo.

Koma ndisawanamizire, tsiku lina anayankhula. Ndinali kudimba pamene ndinamva a Fulaye akukuwa, "Ayankhula! A Zuze, thamangani, ayankhula!" Ndinataya khasu, ndinathamanga ngati mnyamata, ndipo nditafika ndinapeza atamaliza kale. Ndinafunsa ndili wefuwefu kuti za mlatho zayenda bwanji. A Fulaye anakanda m'mutu n'kuti, "Akudandaula kuti maikolofoni ya pampando wawo ndi yakufa."

A Nangondo anati, "Yafa ndi dzimbiri, yosauka. Nanga chinthu osachigwiritsa ntchito."

Ndipo tsiku lokambirana zokweza malipiro a aphungu eni ake, maikolofoni ija inali itachira. Dera lathu litatchulidwa, inde wake anamveka mpaka wailesi kunjenjemera. Tinanyadira ndithu kuti kani mawu ali nawo, ndipo ndi athanzi.

Mukusekatu, nanenso ndinkaseka. Kuseka kunatha chaka chimene mwana wanga Esinati anali woyembekezera mwana wake woyamba. Matenda anamuyamba m'mawa, mvula itagwa masiku otsatizana, ndipo azamba a m'mudzi atamuona anati mwana wagona mopingasa, izi n'zakuchipatala. Tinamunyamula pamachira, ine kutsogolo, mkamwini wanga kumbuyo, amayi akutsatira ndi nsalu. Titafika pa Nankhwazi tinapeza madzi ofiira akugubuduza mitengo yathunthu. Kutsidya tinkaona msewu ndi maso athu, galimoto ya pikapu itaima, dalaivala akutikodola, koma panalibe mwamuna woti n'kuponda m'madzi amenewo atasenza munthu. Akuluakulu amati linda madzi apite, ndipo tinalindadi. Tinalinda dzuwa mpaka kupendeka, Esinati akubuula pansi pa mtengo, amayi atamutchinga ndi zitenje. Mwana anabadwira pomwepo pamchenga. Anali wamwamuna. Sanalire.

Esinati anapulumuka, Mulungu ndi wamkulu, ndi uja amagulitsa mandasi pafupi ndi chipatala. Koma ine kuyambira tsiku limenelo wailesi ija inkandinyansa.

Patapita miyezi, a Fulaye anabwera kunyumba. Anati amva kuti phungu wina wa mbali yotsutsa, wochokera kudera la mapiri ngati lathuli, akubweretsa mfundo yoti boma lipatule thumba lapadera lomangira milatho ing'onoing'ono ya kumidzi, ndipo aphungu adzavota. Ine ndinati, "A Fulaye, kandimverere anakanena za m'maluwa. Ulendo uno ndikufuna ndikaone ndi maso anga." Iwo anali ndi mdzukulu wogwira ntchito kumeneko amene anatikonzera zolowa, anandibwereka jekete lawo la ukwati, ndipo dalaivala wina wa thiraki wa pachipata anatitenga.

Ana inu, nyumba imene ija ndi yokongola. Muli mphepo yozizira yochokera kudenga, mipando yofewa yoti munthu wa msana ngati ine akhoza kuchira, ndipo nditakhala m'mwamba mokhala alendo ndinamvetsa chifukwa chake anthu ena akalowa mmenemo mawu amawathawa. Ndinayang'ana pansi. A Busenti analipo! Atanenepa, khosi litakwirira kolala, akunong'onezana ndi mnzawo n'kumaseka. Ndinagwira a Fulaye pabondo. "Abwera. Lero abwerera ife."

Mwini mfundo uja anayankhula bwino, a Fulaye akundinong'oneza. Ananena za amayi ochirira m'mbali mwa mitsinje, ngati kuti analipo tsiku lija. Misozi inalengeza, ndinayang'ana phungu wanga kuti mwina aimirira anene kuti zimenezo kwathu zinachitika. Iwo anali kalikiliki kusenda switi. Kenaka kuitana kunayamba, dera ndi dera, inde, ayi, inde, ayi, mpaka anatchula kwathu. A Busenti anawerama, anakanikiza kabatani, n'kunena momveka bwino, mwaulemu, m'Chingerezi chawo cha m'mphuno chija.

Sindinafunikire womasulira. Liwu limenelo ngakhale mbuzi imalidziwa. Anati ayi.

Mfundo ija inagwa, ndipo a mbali yawo anamenya matebulo mokondwa ngati timu yagoletsa.

Tinawadikira panja pamene amaimika magalimoto. Atationa anamwetulira kumwetulira kwa pamsonkhano. "Aa, madala, mwayenda bwanji? Kwanu ndi ku Ntcheu, eti?"

"Kwathu ndi kwanu, bwana," ndinatero. "Kutsidya kwa Nankhwazi. Ndine Zuze, munadya nzimbe pakhomo panga."

"Oo, a Zuze! Inde, inde. Kumudzi ali bwanji?"

"Ali bwino amene ali moyo. Bwana, ine sukulu sindinapite patali, ndiye mundithandize. Mlatho mwaukana chifukwa chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Madala, ndale ndi zozama. Mfundo ija ndi yabwino, koma yachokera mbali ina. Tikanaivomera, anthu akanati iwo ndi amene amanga milatho. Chipani chinatiuza kuti tikane, tidzabweretsa yathu nthawi yake ikakwana."

"Chipanicho chimawolokera pati mvula ikagwa?"

Anaseka ngati ndanena nthabwala.

"Mdzukulu wanga anafera pamchenga uja munaimapo," ndinatero.

Nkhope inasintha pang'ono, sindinama, inasintha. Anati, "Pepani kwambiri. Bwanji simunandiuze? Ndikanatumiza bokosi."

A Fulaye anandigwira mkono, chifukwa anaona kuti jekete lawo la ukwati litha kung'ambikira pamenepo. Bwana analowa m'galimoto, galasi linakwera lokha, ndipo anatibayibitsa bwinobwino.

Nditafika kumudzi ndinafotokozera a Nangondo zonse. Iwo anati, "Ndiye tinkawalakwira powadandaula kuti sapita. Kujomba kuja n'kumene kunali chitukuko chawo."

Chisankho chitayandikira anatulukira, m'chilimwe, mtsinje utauma, ndi galimoto yodzaza zitenje za nkhope yawo. Anaima pabwalo n'kunena kuti ku Nyumba ya Malamulo amenya nkhondo yoopsa, usiku ndi usana, ndipo mlatho watsala pang'ono. Anthu ena anayamba kuomba m'manja, paja manja sachedwa kuiwala. Pamenepo a Nangondo, munthu amene sankayankhula pagulu, anaimirira, anagwada pang'ono mwaulemu, n'kunena kuti, "Bwana, amuna anga analipo tsiku la nkhondo yanuyo, anakhala m'mwamba. Tauzani anthuwa, atakuitanani za milatho munayankha kuti chiyani?"

Bwana anayamba kufotokoza za ndondomeko, za bajeti, za mfundo zozama, koma Esinati anaimirira pambali pa mayi ake, akuwayang'anitsitsa bwanawo. Kenaka amayi ena anaimirira, kenaka ena. Zitenje analandira ndithu, nanga nsalu yalakwanji, ndipo zinatithandiza kwambiri poanika ufa. Koma tsiku lovota bwana anagwa moti ngakhale kumudzi kwa amayi awo sanapezeko kanthu.

Mukufunsa ngati mlatho unamangidwa? Amene anabwera pambuyo pawo anali wosiyana kwambiri. Ameneyo ankayankhula tsiku lililonse, za mpira, za mayiko akunja, za kavalidwe ka achinyamata, moti a Fulaye ankatopa kumasulira. Mlatho umene mumadutsapo ndi njinga zanu lero ndi wa mitengo ya bulugama, tinadula tokha, ndipo chaka chilichonse timaukonza tokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chaka chatha ndinapita ku boma kukaonetsa maso angawa, ndipo pabenchi yodikirira ndinakhala pafupi ndi nkhalamba ina yoonda, ya ndodo, suti yake itatuwa m'mapewa. Inali ikudandaula kuti yabwera pa kabaza, msewu wa kwawo ndi maenje okhaokha, msana wonse waphwanyika. Nditamvetsera mawuwo ndinawazindikira, anali a Busenti. Anatembenukira kwa ine n'kuti, "Achimwene, dziko lino latha. Kodi aphungu athuwa amakatani ku Lilongwe?"

Ndinati, "Kaya, bwana. Ife tinangoonera m'mwamba. Amene munakhala pansi ndinu."

Anandiyang'anitsitsa, anatsegula pakamwa, koma namwino anaitana dzina lawo, ndipo ndinawathandiza kuimirira chifukwa mawondo anali atakana.

Tsono ana inu, inu muli ndi mwayi umene ife tinalibe. Nyumba ya Malamulo muli nayo m'thumba, m'mafoni momwemo mmene mumaoneramo mpira ndi atsikana ovina. Sindikuti muzidana ndi aphungu, ayi, alipo ena amene amagwiradi ntchito, ndipo amenewo muziwasunga. Mpira akakupatsani landirani, pamaliro akalira muwapatse mpando. Koma akamaliza kupukuta misozi, phunguyo mumufunse mwaulemu, mopanda chipongwe, kuti bwana, tsiku lakuti atatchula dera lathu, inu munalipo? Nanga munayankha kuti chiyani? Akayamba kukuuzani kuti ndale ndi zozama, mudziwe kuti wayeza kale msinkhu wanu, ndipo waona kuti madzi ozamawo akhoza kukumizani inu, osati iye.