Zithunzi Zopanda Mawu

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1968, ali achitatu m'banja la ana asanu. Anayamba sukulu mu 1975, ndipo atamaliza sekondale anaphunzira kutayipa. Mu 1990 analembedwa ntchito pakampani yosindikiza, komwe ankakonza makalendala ndi makadi aukwati.

Mu 1993 anakwatiwa ndi aphunzitsi amene akhala kutsogoloku. Mu 2012 amuna awowa anasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga. Ana anawagulira foni yowerenga mauthenga mokweza, koma ikafika pa chithunzi inkangoti chithunzi, basi. Pagulu la banja la pafoni ife tinkasekerera mdzukulu wobadwa kumene, bambo osadziwa kuti mwanayo wafanana ndi yani. Zimenezi zinkawapweteka mtima malemu.

Choncho anaika lamulo loti chithunzi chilichonse chizibwera ndi mawu onena amene alipo, chimene avala ndi chimene akuchita. Ukaiwala ankakuimbira foni pompopompo, kaya ndiwe mpongozi kaya ndinu abusa. Tinawapatsa dzina loti Mayi Fotokozani, iwo n'kumavomera ndi mtima wonse. Kuntchito nako sankanyengerera munthu. Abwana atalamula kuti achotse njinga ya olumala pa chithunzi cha mkwatibwi wina, ati ikuipitsa khadi, malemu anakana kwamtuwagalu, ndipo mkwatibwiyo anatuluka pakhadi ndi njinga yake.

Mu Febuluwale chaka chino anapezeka ndi khansa. Ali gone m'chipatala, diripi ili pamkono, ankalemba mawu pansi pa zithunzi zakale za banja kuti bambo asadzasowe wowauza. Anatisiya Lachiwiri lapitali m'mawa.

Anamalira, pano tilankhula ndi manyazi. Uthenga wa maliro ano tinaukonza ngati chithunzi chokongola, mawu onse ali m'kati mwake. Foni ya bambo sinathe kuuwerenga. Anzawo awiri osaona amva lero m'mawa, ndipo mmodzi walephera kufika. Mayi atangotsinzira tsiku limodzi, ife tinali titaiwala kale. Bambo, tikhululukireni.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu ndi zidzukulu zinayi. Tikuthokoza anamwino, a mpingo ndi anzawo akuntchito potigwira dzanja. Inu amene mukujambula panopa, chonde lembani mawu pansi pake musanatumize, chifukwa bambo akufuna kudziwa mmene tawaperekezera akazi awo.

Mayi athu, mwagwira ntchito, usani mumtendere.