Tinawolotsa Mthuthuthu, Mwiniwake N'kumusiya

Aulutsi, ndine nkhalamba ya ku Thuchila, ndipo chipsera cha chikoti chikadalipo kumsanaku.

Nkhondo ya Ajeremani isanayambe, tinkanyamula mzungu wa kuesiteti pamachila. Atagula mthuthuthu anatipirikitsa ngati agalu. Nditadandaula anandikwapula, amvekere, "Chitsulochi chikuposani nonsenu!"

Dzinja litafika tinamupeza pamtsinje wa Thuchila, madzi atadzadza, chitsulo chija chitazima m'matope.

"Anyamata inu, ndiwolotseni!"

Tinayang'anana. Tinasenza mthuthuthu uja n'kuuwolotsa bwinobwino, tikuimba nyimbo yathu ya machila. Titafika kutsidya ndinakuwa, "Bwana, tawolotsa wotiposa uja. Muuzeni abwerere adzakutengeni!"

Tinamusiya komweko akuvumbwa ndi mvula.

Omvera anzanga, chisoni ndilibe. Chipserachi chikandiyabwa, ndimakumbukira tsiku limenelo n'kuseka ndekha.