Apongozi Akwera M'ngolo

Pasiteji ya Mchinji Boma, Mateyo anali atagwada pakati pa galimoto yake ndi ngolo yomwe imakoka, akupopa ndi pampu ya wakabaza wina. M'ngolomo munali mayi wachikulire atakhala pathumba la mtedza, nkhope ili gwa.

"Achimwene, matayala ali m'mbalimu," anatero wakabazayo. "Inu mukupopa chitsulo?"

"Chokokera ichi n'cha ku Joni, chili ndi chubu. Mpweya ukakhalamo, ngolo imayenda ngati mwana ali kumsana. Ukatha, wokwera amavina chimtali asakufuna."

"Nanga mayiwa mwawaikiranji kumbuyo, kutsogolo malo alipo?"

"Tsitsani mawu, ndi apongozi anga. Ndingakhale nawo mpando umodzi, n'kumasintha magiya pafupi ndi bondo lawo?"

"Ulemu ndiye muli nawo. Mpweyawo unathera pati?"

"Mwina kwa Zulu. Ine sindinamve kanthu, wailesi inali pamwamba. Ndazindikira pano nditaona duku lawo lili m'khosi. Komanso ndi lero lomwe anati andiyankha za chitengwa. Chikamwini chandikwana, ndikufuna nditenge mkazi wanga tizikakhala kwathu kwa Dambe."

"Pakani malovu pavalavupo, tione ngati pakuchita thovu."

Mateyo anawerama, napaka, nadikira. "Palibe thovu. Tsopano ayenda ngati ali pasofa."

"Mwina ulendo wina, achimwene. Bwezani pampu. Pomwe munawerama paja mayi atsika, ali kale pakaliyala panga. Ati za chitengwazo mudzafunse tikakolola, ndipo mudzabwere wapansi."