Fomula Yokana Kulowa M'selo

Akazi anga ndi telala, ndipo ine, poti kuntchito amanditcha Katswiri, ndinawalonjeza fomula yangayanga yowerengera nsalu ya mayunifolomu a kwaya. M'mawa wake anaima pambali panga, sizasi m'manja, nsalu ya eni atayala kale patebulo, ine ndikutuluka thukuta ndi fayilo yawo ya miyezo pa laputopu.

"Ndidule mamita angati, bambo a mwana? Akwaya abwera madzulo."

"Dikirani. Yakana kulowa m'selo."

"Ndani amalowa m'selo mwa kufuna kwake? Yalakwa chiyani?"

"Si selo ya apolisi. Ndi kabokosi aka." Ndinaloza ndi chala. "Laputopu ikuti dzina siikulidziwa."

"Iuzeni. Kapena nanunso mwaliiwala dzina langa?"

"Si lanu, ndi la fomulayo. Ndinaitcha NSALU. Ndikuiitana, koma siikubwera."

Anaweramira pa sikirini n'kukweza mawu pang'ono. "Nsalu, bwera."

"Siimva choncho. Vuto ndi fayilo yanuyi. Yakalamba."

"Munandipangira ndinu tili pa chibwenzi. Mukati yakalamba, mukunena ndani?"

Ndinatsokomola. "Fomula yanga ilibe vuto. Kuntchito imathamanga ngati mphepo."

"Nanga imakhala kuti?"

"M'fayilo yanga ya kuntchito."

"Aa. Ndiye mukuitana munthu ali kuntchito, n'kumadabwa kuti kuno sakuvomera?"

Mwakachetechete ndinatsegula fayilo ya kuntchito ija, n'kukopera fomulayo m'fayilo yawo. Manambala anatuluka ndondondo.

"Mwaona? Ndimadziwa kale," ndinatero ndikuwongola kolala. Ndinasunga fayilo, n'kutseka, n'kutsegulanso kuti aone bwino. Fomula inali itasowa, manambala apita nayo.

"Yapita kuti?"

"Fayilo ya mtundu uwu siisunga mafomula odzipangira. Ukatseka, imawataya."

"Ndiye munatsekeranji?"

"Ndimafuna muone."

"Ndaona." Anakoleka tepi m'khosi n'kutola choko.

"Ndipirireni pang'ono, mayi a mwana. Ndingosintha mtundu wa fayilo basi, ibwerera."

"Ayi, isiyeni, musaikakamize," anatero akulemba mzere pansalu. "Yatengera mwini wake. Kuntchito imagwira mpaka kutuluka thukuta, koma ikafika pakhomo imangopereka moni n'kusowa."