Mphepo ya ku Senga Bay Inandibwezera Mwamuna Wanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, ndi inu ana athu uko, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Mwadzuka bwanji nonse? Ine ndadzuka bwino, bwino zedi. Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa andipatsa mphindi zisanu, koma pakamwa pangapa mukupadziwa, mundikhululukiretu.

Alendo amene simundidziwa, ine ndine Nabanda, mayi a Tiyanjane, wa kuseri kwa phiriku. Ndiyambe ndi funso. Ndi angati muno amene fodya wanu anaumira m'chigafa chomanga amuna anga? Kwezani manja, musachite manyazi. Eee, taonani manjawo! Kuyambira kuno ku Mvera mpaka ku Bowe, ena kuchokera ku Ntchisi, ankabwera kudzawatenga pa njinga. Chigafa chawo sichinkagwa. Ndiye mawu! Akakhala padenga n'kukuwa kuti "Luzi!" ngakhale ine kudambo ndinkadzidzimuka.

Chaka chathachi, nthawi yokumba mtedza, anagwa m'munda. Sitiroko. Mbali yakumanja yonse inafa. Kuchipatala anayesetsa, Mulungu awadalitse, mwendo unabwererako pang'ono moti amayenda ndi ndodo mokoka. Koma lilime, abale anga, lilime linalemera. Mawu ankatuluka ngati munthu wavumata madzi m'kamwa. Ine ndekha ndinkawamva, chifukwa zaka makumi atatu ndi zinayi za banja si masewera.

Tsiku lina tinapita pamaliro. Iwo anadzilimbitsa, nafika kwa mwini maliro kuti apepese. Anayankhula. Munthu uja, osati mwa chipongwe ayi, anangotembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Akuti chiyani?" Eni akewo ali chiimire pomwepo, dzanja lili m'mwamba.

Titafika kunyumba analowa kuchipinda. Basi. Kuyambira tsiku limenelo pakhonde ayi, kutchalitchi ayi. Ena mwa inu munkabwera kudzawaona, n'kuwapeza ali m'tulo. Sanali m'tulo, ankangotsinzina. Chakudya ankangochikhudza. Thalauza linayamba kutsika lokha. Anamwino anandiuza kuti, "Mayi, thupi likuchira, koma bambowa ataya mtima." M'mawa wina ndikuwasambitsa anandiuza kuti, "Nabanda, ine ndine chipika. Mukuvutikiranji?" Ndinatuluka, ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe. Ndinkaona mwamuna wanga akupita, osati ndi matenda, koma ndi manyazi. Ndinkaopa kuti dzinja ili salimaliza.

Ndipo ndiulule tchimo langa pamaso panu. Ine ndinathandizira kuwatseka pakamwa. Munthu akafunsa kuti ali bwanji, ine msangamsanga, "Ali bwino." Tiyi amwa? "Safuna." Iwo asanatsegule n'komwe pakamwa. Ndinkati ndikuwateteza. Chikondi, abale, nthawi zina chimapusa.

Ndiye kunabwera ulendo uja wa kwaya yathu ya akuluakulu, wokaona nyanja. Tinakonza kuti tipite nthawi yotentha, koma mukudziwa, maliro, kenako galimoto, kenako maliro enanso, mpaka unakagwera tsiku lotsatira Khirisimasi, mvula ili pakati. Ine ndinali nditakana kale. Ndiwasiya ndi ndani?

M'mawa wa tsikulo ndinangomva minibasi yaima pakhomo. Anatsika a Mbewe, msuweni wawo wa amuna anga, awo akuseka apowo. Odi sanapange. Molunjika kuchipinda.

"Msuweni, dzukani! Ndamva kuti mukufuna kufa. Chabwino, koma mukafere kunyanja, kuli mchenga wofewa. Kuno dothi n'lolimba gwa, ife misana inatha kale."

Musaseke, ine mtima unaima! Koma paja pachisuweni palibe mlandu. Amuna anga anatola nsapato ndi dzanja lamanzere n'kuwagenda nayo. A Mbewe amvekere, "Alamu, mwaona? Dzanjali n'lamoyo! Bweretsani malaya." Anawaveka, anawanyamula ndi abambo ena awiri, mpaka pampando wa pazenera. Iwo anangotsitsa chipewa kumaso. Kuchoka kuno mpaka ku Salima, anzathu akuimba, chipewa chija sichinachoke kumaso.

Tikutsika mapiri aja tinaona kutsogolo kwada bii. Dalaivala anati, "Makolo, kumeneko sikuli bwino, tibwerere?" Amayi onse, "Ayi! Mpunga taphika kale, nkhuku zafa kale!" Ife a kumtunda tinkaganiza kuti mvula ya kunyanja ili ngati yathu ino, yoti umabisala pansi pa mtengo wa mango n'kudikira.

Titafika ku Senga Bay dalaivala anatitsitsa n'kubwerera kukafuna mafuta. Nyanja imene tinaipeza si ija ya pa kalendala ayi. Yotuwa, yolusa, mafunde akuchita kubangula. Asodzi ali kalikiliki kukokera mabwato kumtunda. Koma ife, ndi zigubu zathu zokatungira madzi oti tikaonetse adzukulu! Mayi Nachisale, awa akhala kutsogolowa, amene Mulungu anawadalitsa ndi thupi, anakwinya chitenje kuti aponde pang'ono chabe. Funde linabwera n'kuwakhazika pansi, chigubu uko! Msodzi wina anatikalipira kuti, "Inu a kumapiri, chokaniko uko! Simukuona chikubwerachi?"

Sanamalize n'komwe. Mphepo inafika ndi mchenga, kenako mvula yoyenda chopingasa. Tinathamangira m'chisakasa cha mayi wina wogulitsa tiyi. Denga la malata, kutsogolo koyang'ana kunyanja kuli pululu, mbali zinazo mpanda wa bango. Amuna anga tinawakhazika pa benchi pakati. Ena tonse tinaunjikana kumbuyo, abambo atatsamira mpanda uja ndi misana kuti usagwe, ena akutseka mipata ndi mphasa.

Kenako denga linayamba kupuma. Ndikunena zoona, kupuma. Likudzuka, likukhala, likudzuka, likukhala, misomali ikulira. Amayi anayamba kupemphera mokweza, aliyense lake. Ine ndinayang'ana malata aja, ndinayang'ana amuna anga. Ndinati, denga ili likazuka anzathuwa athawa, nanga awa athawa ndi mwendo uti? Ndinawafunditsa chitenje kumutu ngati khanda, n'kuwakumbatira. Ndinati, Ambuye, ndawatulutsa m'nyumba kuti adzafere kuno?

Iwo anakankha chitenje chija. Chipewa chinali chitauluka kale. Ankayang'ana kudenga, ndipo maso amenewo ndinawazindikira. Anali maso a pantchito.

Anakuwa. Abale, anakuwa! Mawu aja a padenga, amene ndinali nditawaiwala. Onse anatembenuka, koma palibe anamva kanthu. A Mbewe anati, "Alamu, akuti chiyani?"

Funso lomwe lija la pamaliro. Ndipo pakamwa pangapa panali patayamba kale kunena kuti, "Akuchita mantha, asiyeni." Koma anandigwira pamkono, kundifinya mpaka kuwawa, n'kubwereza pang'onopang'ono akundiyang'ana m'maso. "Gwetsani mpanda wakumbuyo."

Ndinati, "Bambo, mpandawo ndi umene ukutitchinjiriza."

Iwo, "Mphepo ikusowa potulukira. Inyamula denga. Nenani!"

Ndinanena. Kwa nthawi yoyamba chidwalire chawo ndinanena zimene iwo anena, osati zimene ine ndikuganiza. Mwini chisakasa anagwira kumutu. "Mayo ine! Mundigwetsere mpanda dala? Agogowa mutu ukuyenda bwino?" A Mbewe anati, "Mayi, munthu uyu wakalambira padenga. Akati gwetsani, timagwetsa. Tikumangirani wina."

Anatenga mpeni womwe tinabweretsa wodulira nkhuku, n'kudula zingwe. Mpanda uja unangoti phuu, kugwera kunja. Mphepo inadutsa pakati pathu ngati yapeza msewu. Tinanyowa, abale, tinanyowa mpaka m'kati! Koma titayang'ana kumwamba, denga lija linali litachepetsa kudumpha.

Amuna anga sanalekere pomwepo. Analoza mtanda wakutsogolo ndi ndodo yawo. "Zitenje! Mangani apo, apo, ndi apo. Lendewerani!" Ine ndikubwereza, amayi akumasula zitenje zapamwamba, abambo akumanga pamtanda, tonse kukoka pansi. Pakona imodzi panali pakudzukabe. Iwo anayang'ana uku ndi uku, n'kunena mawu atatu. Ine ndinati ndiwakonze pang'ono, ndinati, "Akupempha kuti mayi Nachisale apite pakonapo."

Mayi Nachisale anati, "Iii, Nabanda, musandinamize! Ndamva ndekha. Akuti wonenepa uja pakona! Chabwino alamu, ndikupita, koma nkhani iyi tikaimalizira kumudzi."

Tinaseka! Mvula ikutimenya, mabingu akugunda, ife tili lende pa zitenje, kuseka mpaka misozi. Ndipo pakona paja, mayi atangogwira, panakhala bata. Nditacheuka ndinaona amuna anga akuseka nawo, ndi pakamwa pawo popindika pomwepo, osabisa ndi dzanja.

Mwaimva bwino nkhaniyi? Mayi Nachisale anamva okha. Kuyambira pamenepo anthu anasiya kuyang'ana ine. Ankayang'ana iwo. Akapanda kumva ankati, "Bwerezani, bambo," iwo n'kubwereza. Kani anthu akafunitsitsa kumva, amamva! Ine ndinangotsala ndi chitenje changa m'manja, ntchito yanga itatha.

Tili choncho tinamva chiphokoso. Chisakasa choyandikana nafe, chotsekedwa bwinobwino mbali zitatu ngati mmene chinalili chathu, denga lake lonse linazuka n'kukagwera pamchenga. Mwamwayi munalibe munthu. Mwini wathu uja anangokhala pansi m'matope n'kuyamba kulira.

Patapita ngati ola mphepo inatopa. Abambo anadzutsa mpanda uja, amuna anga ali pa benchi kulamula, kuti m'mwamba asiye mpata woti mphepo izidutsa. A Mbewe anamanga mfundo ina, iwo anati amasule, yaipa. A Mbewe anati, "Ndalakwa ine kukutengani, kuchipinda kuja munali bwino!" Mayi uja anakoleza moto, kapu yoyamba ya tiyi anapita nayo kwa amuna anga, anagwada, nati, "Amisiri, pepani ndinakunyozani. Landirani." Lilime langa linayabwa kuti ndiyankhe. Ndinaliluma. Iwo anatenga nthawi, mayi uja anadikira, mpaka anati, "Zikomo, mwanangu. Misomali yakutsogoloyi musinthe."

Mpunga wathu unali utasanduka phala, koma tinadya, ndipo iwo anapempha wina. M'nyanja simunalowenso munthu. Zigubu zinabwerera zopanda kanthu. Koma pobwerera, tikukwera mapiri athuwa dzuwa litatulukanso, ndinamva wina pambali panga akung'ung'udza besi pansipansi. Sindinacheuke, ndinaopa kuti asiya.

Sindikunamizani, abale, pano ndi pa guwa. Lilime silinamasuke. Dzanja lamanja likadali chomwecho. Ine ndinkapempha Mulungu usana ndi usiku kuti awongole pakamwa pa amuna anga. Iye anasankha kutsegula makutu athu, kuyambira angawa. Ndipo anachita kutitengera kutali, kukatinyowetsa bwinobwino, kuti timve.

Mawa lake anatuluka okha n'kukhala pakhonde. Mlungu womwewo a Mbewe anabwera kuti chigafa chawo chapendekeka ndipo fodya watsala pang'ono kuthyoledwa. Anawatengera mpando kumunda. Tsopano akumangitsa chachitatu, ali khale pampando, ndodo m'manja, kukalipira anthu. Chakudya ndikuchita kuwonjezera. Kunyumba kwabwereranso phokoso, ndipo ine amene ndinkadandaula kuti bambowa amalongolola, lero ndikamva akulongolola ndimati, Ambuye, onjezerani!

Lero m'mawa anandidzutsa ndi iwo. Anati, "Nabanda, jekete." Ndinati tipeze njinga. Anakana. Tayenda wapansi, kaulendo kaja ka pafupi tatha ola lathunthu, kupuma pa mwala uliwonse. Panjira anandiuza kuti, "Mukanene. Koma musatalikitse." Pepani bambo, ndalephera.

Ali uko kumbuyo, pa benchi ya pakhomo. Ndikupempha chinthu chimodzi. Tikaweruka, apatseni moni eni akewo. Akachedwa kuyankha, dikirani. Mukapanda kumva, afunseni iwo abwereze. Ine musandiyang'ane.

Kapena tiyambe pompano. Abusa, ndiloleni. Mpingo wonse, tiwafunse limodzi. Bambo a Tiyanjane, mwadzuka bwanji?

Dikirani. Chete, ana inu. Dikirani.

Mwamva? Mwamva nokha? Abusa, inunso mwamva kuchokera kuno? Ndiye ine ndilibe choti ndimasulire.

Zikomo Yesu. Zikomo Atate, mwandibwezera mwamuna wanga ali moyo. Zikomo a Mbewe chifukwa cha mwano wanu, zikomo kwaya yonse. Amayi anzanga, ine ndathera pamenepa. Imirirani mundithandize, nthungululu zimveke mpaka kuseri kwa phiri! Abambo, m'manja! Kondwerani nane, abale anga, kondwerani nane. Amen.